Gitala ya Zala Ziwiri

Lolemba

Ndadzuka ndi mtima wolemera. Dzulo a Mhango, otsogolera kwaya yathu kuno ku Bangwe, ananditengera kuseri kwa tchalitchi. Akuti, “Bambo, mawu anu ndi amphamvu, koma amayenda okha.” Ine! Munthu amene ndinalowa kwayayi iwo asanabwere n'komwe kuchokera ku Rumphi!

Mwayi ulipo umodzi. Mnyamata woimba gitala anapita ku Joni, gitala n'kupita nayo. Ndinawauza kuti ine ndine kalipentala, ndipanga ina, ndiziimba ndekha. Makiyi atatu ndimawadziwa. Akuti ikabwera Lamulungu likudzali, malo anga alipo. Ikapanda kubwera, sanamalize, anangokonza tayi.

Ndapita ku Chilomoni kwa a Jumbe, oimba m'mabala. Gitala yawo sabwereketsa, olo kwa m'bale. Ndaigoneka pa pepala la simenti n'kuizunguliza ndi pensulo. Basi, ndabwera nayo m'thumba!

Zomwe ndili nazo:
mabokosi a tiyi a ku Limbe
thabwa la mkungudza la khosi
guluu
malegeni omangira
luso

Gitala ndi bokosi basi. Mabokosi ndapanga angati ine?

Lachiwiri

Pamwamba ndadula. Pansi ndadula. Chiuno chake ngati cha a Jumbe ndendende. Tsopano nthiti, timatabwa ta m'mbali tija. Zikhale zakuya bwanji?

Ndatembenuza pepala. Silikunena. Ndaliyang'ana cham'mbali. Pepala lilibe kuya! Kalanga ine.

Mayi a kunyumba akuti, “Mpaka Chilomoni, osayeza?” Ndawauza kuti za ukalipentala n'zovuta kuzifotokoza.

Chiyambire matipate aliyense ndi katswiri. Che Bwanali okhoma zidebe akuti mawu amakhala pansi, ndiye ikhale yakuya ngati ndowa. Mayi ogulitsa mandasi akuti gitala imene anaiona pa msonkhano wa chipani inali yopyapyala ngati mbale, koma inkamveka mpaka ku Namiyango. Onse akulumbira.

Ndadula chikhatho chathunthu. Thabwa umachepetsa, sumawonjezera. Imeneyi ndiye nzeru.

Lachitatu

Kupinda nthiti. Paipi pa mbaula, thabwa lonyowetsa, kukanikiza pang'onopang'ono. Loyamba phwa! Lachiwiri lapserera. Lachitatu lapindika, chala changa chapsa. Zilibe kanthu.

Ndalumikiza mongoyesa. Ndaifungatira. Dzanja silikufika pamene padzakhale mawaya! Ndikuchita ngati ndakumbatira thumba la chimanga.

Gogo wina wodutsa waima, wayang'ana kabokosiko, wagwada. “Pepani bambo, anali wamng'ono eti?” Ndabisa msangamsanga kuseri.

Ndatuma mlamu wanga Fanuel, kondakitala wa minibasi, kuti akafika ku Chilomoni akayeze. Wabwera: zala zisanu. Koma Fanuel ndimamudziwa, amati minibasi muli malo pamene anthu akulendewera pakhomo. Mawa ndipita ndekha.

Lachinayi

Tepi yanga anabwereka a Bwanali, sakuipeza. Ndapita ndi zala zanga.

Ndayeza pafupi ndi khosi: zala zinayi. Ndinanena ine! Pobwerera ndakumana ndi Fanuel pa siteji. Akulumbira pali mayi ake kuti zisanu. Tayerekeza manja pamaso pa anthu okwera. Ndi ofanana. Ndiye wabodza ndani?

Tabwerera tonse awiri. Iye wagwira kumatako kwa gitala, zisanu. Ine kukhosi, zinayi. Gitala imodzi! Ndauza a Jumbe mwaulemu kuti chida chawochi n'chopindika. Aseka mpaka kutsokomola. Akuti zonse zimatero, kukhosi kuchepa, kumatako kukula, kuti ikhale bwino pamimba ndiponso mawu azituluka. Chifukwa chiyani? Akuti, “Ine ndimangoimba, akulu.”

Moyo wanga wonse ndakhala ndikuwongola zinthu zopendekeka. Lero ndipendeketse dala? Mutu ukuzungulira.

Lachisanu

Puleni m'manja kuyambira mbandakucha.

Ndatsitsa mpaka zala zisanu ponseponse. Bwino. Ndayamba kupendeketsa. Kumanzere kwatsika kuposa kumanja. Ndapala kumanja. Tsopano kumanja kwatsika. Ndapala kumanzere. Ndaika pa tebulo, ikugwedera. Kodi ndi gitala kapena tebulo? Ndaika pansi, ikugwederabe. Nanga pansi pa nyumba ino ndi powongoka?

Pachiuno pali mpata woti nyerere zilowe zitagwirana manja.

Masana ndazindikira chinthu. Nthiti zisanamatidwe khosi, mbali zonse zimanyenga maso ukatopa. Ndakhala ndikupala kumatako! Kukhosi zisanu, kumatako zitatu. Mayo ine! Ndiye kuti kukhosi kutsike kuposa zitatu.

Mayi a kunyumba akusesa zopalapala, akuti akolezera moto mpaka Khirisimasi. Akufunsa, “Gitala yake ndi iyi muli nayo, kapena iyi ili m'lichero?”

Ndikungopitiriza kupala. Ndikuopa Lamulungu, zoonadi ndikuopa. Kwaya ija ndi malo okhawo amene ndimavala malaya oyera.

Loweruka

Yasiya kugwedera! Aleluya!

Kuya kwake: zala ziwiri. Kukhosi ziwiri, kumatako ziwiri ndi chikhadabo. Timitanda ta m'kati, ta pamwamba ndi ta pansi, tikupsompsonana. Ndatipalanso.

Guluu. Malegeni. Mwala pamwamba. Pemphero.

Madzulo ndamanga mawaya, anayi ogula, awiri a mabuleki a njinga. Ndakhala pakhonde. Ndaimba kiyi yoyamba. Ting'. Ngati udzudzu watsekeredwa m'chitini.

Mayi a kunyumba ali pompano, akusenda mbatata. Akuti, “Tayambanitu, timve.” Ndinali nditafika kale pa kolasi.

Che Bwanali akuti ananena. Mayi a mandasi akuti ija ya pamsonkhano inali ndi nthambo ya magetsi, anangoiwala kunena. Fanuel akuti ndibwereke chimkuzamawu cha achipani. Aliyense akadali katswiri. Ine sindikudziwanso ngati tebulo limene ndimadyerapo lili lowongoka.

Lamulungu

Ndaikulunga m'chitenje. Vanishi akumatabe.

A Mhango aitenga ndi manja awiri, aitembenuza, aiyang'ana cham'mbali nthawi yaitali. Aimba waya mmodzi. Aika khutu pabowo. Aimbanso. Kwaya yonse ikudikira.

“Mwayesetsa, bambo,” akutero. “Ndi yopepuka bwino.”

Sanandithamangitse. Ndadzichotsa ndekha. Ndakhala pa benchi ya azibambo, kumbuyo, gitala pansi pa miyendo. Yakwana bwinobwino, palibe waiona.

Kwaya yaimirira. Malo anga atsekapo kale, angosunthirana pang'ono. Ayamba nyimbo ija timaikonzekera chiyambire Pasaka, yopanda gitala, yopanda ine. Zaka zonsezi sindinaimvepo kwaya yathu ndili kunja kwake.

Akuimba bwino anthu aja. Akuimba bwino kwambiri.