Majibi 17 Osowa M'foni ya Nangondo

Pali Mulungu kumwambako, ndikanama liwu limodzi lokha mphenzi ing'ambe benchi lino pakati, inu mupulumuke, ine ndekha ndipse. Ine Zakeyu Kamtambe bodza sindilidziwa ndi nkhope yomwe. Sukulu ndinaipondako tsiku limodzi pothawa mvula, ndipo mvulayo isanakate aphunzitsi anali atayamba kulemba zimene ndinkanena. Tsono inu achinyamata, poti mafoni anu akadali pa tchaji m'kashopu ka Edinesi umo, senderani kuno mumve za mwambi wa chidebe ndi nyundo, umene mumangoutafuna osadziwa kumene unachokera.

Mwambi uwu unayamba motere. Pamsika pano panali mmisiri wokhoma zidebe, Bezaleli Chimphamba, mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. Kwawo kunali ku Dowa, koma ankakhala pachikamwini kwa mkazi wake Nangondo, kuseri kwa chigayo uko. Munthuyu ankadziwa muyeso. Mukuwadziwa mavenda achinyengo aja, amene pogulitsa chimanga amakankhira pansi pa chidebe m'kati, kuti chizioneka chodzaza pomwe mbale yathunthu yatsala kwa iwo? Bezaleli chidebe chotere ankachizindikira ali tsidya lina la msewu, atatsinzina. Amayi ankabwera nacho kwa iye, n'kuchikhazika pa chidutswa chake cha njanji, n'kulowetsa nyundo kukamwa, kho kho kho, pansi paja n'kubwerera m'malo mwake. Chaka china tinawongola zidebe 4,000 tsiku limodzi, iye akukhoma, ine ndikugwirira.

Mwana wawo Feliya atapeza banja, mwamuna wa Feliyayo anagulira Nangondo foni yatsopano ya m'katoni. M'foni imeneyo ndi mmene anajambuliramo kanema wa chinkhoswe chonse, ndipo kanemayo kunalibenso kwina kulikonse. Pachinkhoswe chimenecho Nangondo anavina, ana inu. Fumbi lake linakwera mpaka ndege yopita ku Joni inakhota. Achemwali ake atatu, amene anatengedwa chitengwa ku Mchinji, sanabwere chifukwa kunagwa maliro, ndiye anatumiza uthenga kuti afika Loweruka kudzaonera kanemayo.

Bezaleli zilembo sankazidziwa, koma manambala anali abale ake. Lolemba anatola katoni ya foni ija n'kuona palembedwa 64. Feliya anamuuza kuti amenewo ndi majibi, muyeso wa malo a m'foni, monga ife timanenera zidebe. Kenako anamuonetsa m'foni momwemo: kanema ndi zithunzi zatenga majibi awiri, malo otsala 45. Mnzangayo anawerenga zala zam'manja, n'kuvula nsapato kuwerenga zakumapazi, n'kupita kwa mkazi wake.

"Nangondo, foni yanuyi inakhomedwa."

"Ikuimba bwinobwino. Isiyeni."

"Pakatoni 64, m'kati 47. Nanga 17 ali kuti?"

"Mukufuna musungemo chiyani, mphale? Ngakhale 45 yemweyo sindimumaliza mpaka kufa."

"Sindikufuna kusungamo kanthu. Ndikungofuna kudziwa."

Nangondo anasiya kupeta. "Bambo a Feliya, kudziwa kwanuko ndimakudziwa. Wailesi ija munkangofuna kudziwa. Mvetsetsani: kanema wanga akangowonongeka achemwali asanamuone, mudzasenza njanji yanu pamutu ulendo wa ku Dowa. Mudzi uno ndi wa amayi anga."

Tsoka lake, kunyumba kwawo kunalibe magetsi, ndipo wopita nayo foni ku tchaji tsiku ndi tsiku anali Bezaleli yemweyo. Lachiwiri anaigwedeza pafupi ndi khutu kuti amve ngati muli chokhocheka. Munali zii. Lachitatu tinapita nayo pa sikelo ya wogulitsa nyama. Tinaiyesa, kenako tinajambula ng'ombe yathunthu, n'kuiyesanso kuti tione ngati yalemera. Singano ya sikelo sinasunthe. Ine ndinamuuza kuti ng'ombeyo inali yowonda, tipeze ina, koma mwini sikelo anatithamangitsa.

Lachinayi tinalowa m'kashopu komweka, kwa Edinesi wokonza mafoni. Mayi ameneyu anamva mlandu wonse, n'kusiya sikuludiraiva yake.

"Madala, inu ndinu a zidebe, ndiye tiyankhule za zidebe. Thumba la chimanga mukaliyesa ndi chidebe chaching'ono, n'kupeza zidebe zinayi. Mukaliyesanso ndi chokulirapo, n'kupeza zitatu ndi theka. Chimanga chapita kuti?"

"Palibe kumene chapita. Chasintha ndi chidebe."

"Basi. Olemba pakatoni amayesa ndi chidebe cha 1,000. Makina akamadziyesa okha amayesa ndi cha 1,024. Malo ndi omwewo, koma nambala imatsika, 64 n'kukhala 59 ndi kanyenyeswa."

Bezaleli anandigunda ndi kasukusuku. "Wamva, Zakeyu? Wa katoniyo ndi venda."

"Si venda," anatero Edinesi. "Ndi mayesedwe awo, ndipo amalemba pansi pa katonipo ndi tizilembo tating'ono."

"Venda aliyense ali ndi tizilembo take tating'ono, mayi. Chabwino, asanu tawapeza. Nanga 12?"

"M'menemo mukukhala eni foni."

Mnzangayo anakhala pansi. "M'foni ya akazi anga mukukhala anthu? Ndipo ine ndimaisiya pamutu pa bedi?"

"Si anthu, madala. Ndi mapologalamu amene amayendetsa foniyo, anabwera nayo kuchokera ku fakitale. Ndiwo amayatsa galasi, amalandira oimba, amaseweretsa kanema. Zili ngati minibasi. Mipando 16, koma umodzi ndi wa dalaivala, wina ndi wa kondakitala."

"Kondakitala sakhala pansi. Amadzipinda pachitseko."

"Awa sadzipinda."

"Ndiye atsitseni."

"Mukamutsitsa dalaivala, minibasi iyenda ndi chiyani?"

Zonsezi ine ndinkazidziwa kalekale, ndipo ndinali pafupi kuzinena, koma ndinamusiyira Edinesi kuti naye amveke pamsika. Bezaleli yekha ndi amene sanakhutire. Titatuluka anaima padzuwa, n'kuikweza foniyo, n'kutsinzina diso limodzi monga ankachitira ndi zidebe za mavenda.

"Zakeyu, za zidebe ziwiri zija ndazivomera. Koma za dalaivala ayi. Dalaivala wanji wokhala mipando 12? Taona kupyapyala kwake foniyi. Chinthu cha 64 chingakhale chonchi? Pansi pake anapakankhira m'kati. Kukhoma katatu kokha, 12 aja abwerera."

Ine ndinamuletsa, ana inu. Ndinamuletsa kwambiri, mumtima. Pakamwa ndinangoti, "Munthu ungadziwe bwanji osayesa?" Pajatu nanenso ndinkafuna kuona dalaivalayo akutuluka.

Lachisanu masana tinali pansi pa mtengo wa mango pamene iye ankagwirira ntchito. Panabuka funso limodzi lokha: chidebe amachikhoma kudzera kukamwa, nanga kukamwa kwa foni n'kuti? Tinakambirana ngati akuluakulu. Bezaleli anati kukamwa n'kumene umasuzumira n'kuona zimene zili m'kati, ndiye kuti ndi pagalasi. Ine ndinavomera. Anayala kachiguduli panjanji, pakuti anali mmisiri wosamala, n'kugoneka foni chagada. Anasankha kanyundo kakang'ono kwambiri ndi kachitsulo kobuntha.

"Gwirira, Zakeyu."

Ndinagwirira.

Kho woyamba anali wofatsa. Galasi linangoyaka, kanema n'kuyamba kusewera yekha, ndipo anatulukira Nangondo, chitenje m'chiuno, akuvina molunjika kwa ife.

"Akundiyang'ana," ananong'ona Bezaleli.

"Tsinzina," ndinatero.

Anatsinzina. Kho wachiwiri, galasi linasanduka ukonde wa kangaude, Nangondo n'kukhalapo asanu ndi atatu, onse akuvinabe. Bezaleli anati, "Waona? Malo ayamba kale kuchuluka." Kho wachitatu anathira mphamvu ya chidebe, ndipo kachitsulo kaja kanabowola mpaka kukalira panjanji.

Zimene ndinaona ndi maso angawa. Chinkhoswe chonse chinatuluka pabowopo. Zinayamba nthungululu, kenako ng'oma, kenako nyimbo, zonse zikuchucha ngati madzi, kutsika panjanji, kulowa m'dothi. Tinayesa kutchinga ndi manja, zinkapyola m'zala. Nkhuku zimene zinapalasa pamenepo zinavina masiku atatu osadya. Chaka chotsatira panamera dzungu, ndipo politema linalulutira.

Tinathamangira kwa Edinesi. Anaikweza foniyo, n'kutiyang'ana kudzera pabowo lija.

"Madala, mwakhoma posungira penipeni. Dalaivala watsika, kondakitala watsika, okwera onse atsika. Malo tsopano alipo ambiri, mpaka mphepo ikudutsa."

"Nanga kanema?"

"Kafunseni dothi."

Loweruka m'mawa achemwali atatu aja anafika kuchokera ku Mchinji, n'kupeza pakhomo pali katundu womangamanga: bulangete, nyundo, ndi njanji pamwamba. Nangondo sanakalipe. Ankangosesa mozungulira katunduyo, ndipo mkazi akamasesa ali chete, mkamwini amadziwa kuti msewu ukumuitana. Ine ndinalipo ngati mboni, kuseri kwa nkhokwe.

Wamkulu mwa achemwaliwo, a Jesitina, anamva nkhani yonse atakhala pamphasa. Kenako anaitana Bezaleli.

"Alamu, ife tachokera kutali kudzaona chinkhoswe. Inu pachinkhoswepo munalipo?"

"Ndinalipo, alamu."

"Munaona zonse?"

"Zonse."

"Ndiye kanema ndinuyo. Yambani. Tikakhutira, katunduyu abwerera m'nyumba. Tikapanda kukhutira, minibasi ya ku Dowa imadutsa masana."

Ndipo anayamba. Anagwira tambala kukhala nkhoswe ya kuchimuna, n'kuthamangira mbali inayo kukagwira thadzi kukhala nkhoswe ya kuchikazi, n'kusinthana nkhukuzo yekhayekha uku akudzithokoza. Anadzifundika chitenje kukhala mtsikana wonamizira mkwatibwi, n'kudzivundukula, n'kudzikana kuti si ameneyu. Anaimba ng'oma ndi pakamwa. Anthu a kuchigayo anasiya matumba awo pamzere n'kudzadza pabwalo, analipo ngati 9,000. Achemwali aja anakhala ndwii, osaseka ngakhale pang'ono.

"Tsopano pamene anavina mng'ono wathu," anatero a Jesitina.

Bezaleli anamanga chitenje m'chiuno. Chiuno cha mmisiri, ana inu, chimene chinakhala panjanji zaka makumi atatu. Chinkalira ngati chitseko cha khola.

"Imitsani pamenepo," anatero mchemwali wachiwiri. Bezaleli anauma, mwendo umodzi uli m'mwamba. "Kodi ameneyu ndi Nangondo kapena ndi bakha?"

"Bwezerani m'mbuyo, tione bwino," anatero wachitatu.

Anabwezera. Anavinanso. Apa m'pamene tsache linagwa m'manja mwa Nangondo.

"Ine sindinavine choncho."

"Ife tikuona zimene kanema akutionetsa," anayankha a Jesitina. "Ku Mchinji tikanena zomwezi."

"Mukanene kuti ine ndinavina ngati bakha? Bambo a Feliya, chokani apo. Imbani ng'oma."

Bezaleli anatola chidebe n'kuchitembenuza, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata yonseyo anamenya chinthu choyenera kumenyedwa. Nangondo analowa m'bwalo. Fumbi la tsiku limenelo linaposa la pachinkhoswe, ndege ziwiri zinabwerera kumene zinkachokera. Achemwali analulutira mpaka mawu anawathera. Atamaliza, Nangondo anapukuta thukuta, n'kuloza katundu uja ndi chibwano.

"Lowetsani njanji yanuyo, ikutchinga pakhomo."

Umo ndi mmene mnzanga anapulumukira ku Dowa. Koma sanapulumuke zonse. Mpaka lero kukabwera mlendo amene sanaone chinkhoswe cha Feliya, Nangondo amangoti, "Bambo a Feliya, yatsani," ndipo madala amakatenga chitenje.

Tsiku lomwelo, akusenza njanji kulowa nayo m'nyumba, anaima pafupi ndi nkhokwe n'kundinong'oneza, akupuma wefuwefu, "Zakeyu, koma 12 aja. Mwina tikanakhomera kumbuyo." Apo ine ndinatuluka poyera, ndinaloza cha kumtengo wa mango kuja, kudothi limene linamwa chinkhoswe, n'kuyankhula mawu amene lero ali pakamwa pa dziko lonse: "Wokuza chidebe ndi nyundo amamwetsa dothi."

Ukuti chiyani iwe Enelesi? Agogo ako ankaunena mwambiwu mafoni asanabwere? Nkhambakamwa zimenezo. Agogo akowo ndinkawadziwa, anali ndi makutu aatali, anaumveratu ndisanaunene. Mwambi wabwino ukagwa pansi umayenderera uku ndi uku, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Pita ukazule foni yako patchajipo, ubwere nayo kuno tione kuti yako anakubera angati.