Mwezi Umafikanso ku Wodi ya Amisala

Kwa Bwana Mkulu Woona za Katundu wa Chipatala,

Ndagwada, bwana. Ndine Ermelinda Chauque, telala wa ku Dondo, amene ndinakhala mlendo wanu miyezi isanu mu wodi ya amayi odwala maganizo. Mukhoza kuwerenga kalatayi mosaopa, poti mawu a munthu amene anavinapo pamsika atavala nsalu ya kasitomala sangagwetse munthu pampando. Ndabwera kudzathokoza basi.

Choyamba, zikomo pondilanda chitenje ndi kabudula wamkati pa tsiku lolowa, kuti ndisadzimangirire. Ine chitsiru ndinafunsa kuti nanga ndikakhala kumwezi ndidzatani. Mlonda anandisisita paphewa ngati mwana.

Chachiwiri, mwezi unafikadi, wopanda ulemu, osawerenga malamulo anu. Diresi la chipatala linathimbirira kumbuyo. Ndinapempha mapadi, ngakhale kansanza, koma pa mndandanda wanu wa katundu pali sopo, ndowa ndi makiyi okha. Adokotala atadutsa analemba kuti ndayamba kudzidetsa, matenda akula. Anandibaya jakisoni wogonetsa, n'kundiwonjezera masabata atatu. Ndinadabwa, poti matenda amenewa ndinayamba kudwala ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo palibe anandimangapo.

Anandipulumutsa ndi mayi Custódia a bedi la pakhomo, amene amacheza tsiku lonse ndi malemu amuna awo. Anabudula siponji ya matiresi, n'kuikulunga m'chidutswa cha bulangete, n'kundiuza kuti: "Vala iwe, mutu wako ndiwo wadwala, kumunsiku kuli bwinobwino." Ngati mwakhala mukufufuza makoswe amene akudya matiresi anu, lekani kuthira mankhwala. Ndife, tilipo makumi atatu.

Chachitatu, mapiritsi anu anaimitsa msambo wanga miyezi iwiri, popanda wondiuza kuti amatero. Ndinatsimikiza kuti ndili ndi pakati, ine amene amuna anga anandithawa kalekale. Mwanayo ndinamutcha Belmiro, ndinkamusungiranso theka la phala. Namwino Felismina atandifotokozera, ndinalira maliro a mwana amene kunalibe, ndipo izonso zinalowa m'faelo. Namwino yemweyo amabweretsa mapadi a kunyumba kwake m'chikwama, mobisa ngati chamba. Musamulange, nayenso zikuoneka kuti mutu sukuyenda bwino.

Ndinatuluka mu Ogasiti, ndabwerera pa makina anga. Koma pa bedi langa pagona mtsikana wina, Odete, amene salankhula n'komwe. Iye sangapemphe.

Pempho langa ndi laling'ono, loyenera munthu wa nzeru zochepa: onjezerani mzere umodzi pa mndandanda uja. Ngati mawuwo akukuchititsani manyazi kulemba, kapena simudziwa kuti magazi amenewa amachokera kuti, kafunseni mayi anu. Akakuuzani kuti inu munadziwika kuti mukubwera pa mwezi umene iwo anadikira magaziwo osawaona.

Ine wanu wochira, malinga ndi chidindo chanu,

Ermelinda Chauque