Lole Yanga Ili ku Galaja ya M'foni

Lolemba

Mpikisano wayamba! Ine ndi Gelesomu, wometa tsitsi wa kuseri kwa galaja yanga pano pa Namitete.

Gemu yake ndi ya pafoni. Umayendetsa kalole, kunyamula katundu, kukatula. Ukafika bwino akupatsa nyenyezi. Zikakwana makumi awiri akutsekulira chilole chofiira, chachitali ngati zija zimadutsa pamsewu apa kupita ku Zambia. Pangano lathu: woyamba kukwera chilolecho sabata isanathe ndiye dalaivala weniweni. Akaluza Gelesomu, asesa galaja yanga mwezi wathunthu. Ndikaluza ine, andimeta ndevu. Mboni: akabaza onse a pasiteji.

Ndevu zimenezi ndazisunga zaka khumi ndi ziwiri. Nkhawa ndilibe. Munthu wogwira lumo angapose bwanji makaniko pa nkhani ya galimoto?

Ntchito sabata ino ndi yochepa. Pikapu imodzi basi, ya a Nambewe ogulitsa tomato. Ikutentha injini. Yakhala pano masabata awiri. Akuti ikufunika Loweruka: mwana wawo wamkazi akukwatiwa ku Nsaru, ndiye inyamule mipando, mapoto ndi amayi oyimba. Ndawauza kuti Lachitatu adzaipeza ikulira ngati yatsopano.

Masana. Nyenyezi ziwiri kale. Kenako pakona ina ndakhudza mpanda. Kukhudza chabe! Gemu yanditengera kalole ku galaja yake. Akuti ndidikire mphindi makumi anayi ndi zisanu.

Chifukwa cha bampala! Ine bampala yotere ndimaimenya hamala katatu, yawongoka mwini wake asanamalize kupereka moni.

Ndadikira. Nanga ndikanatani?

Lachiwiri

Nyenyezi zisanu. Gelesomu ali ndi zisanu ndi ziwiri, koma iye ndi lova, Lachiwiri amameta ndani?

Ndawomba basi kumbuyo. Wolakwa ndi wa basiyo, wangoima osayatsa indiketa. Maola awiri ku galaja!

Zimene zikundiwawa pa galaja imeneyi:

Makaniko wake saoneka. Pasikilini pangokhala kasipanala kozungulira ndi wotchi.

Benchi palibe. Moni palibe. Ngakhale wokuuza kuti pepani bwana, sipeya yavuta, palibe.

Boneti satsekula n'komwe. Ndiye wadziwa bwanji kuti ndi maola awiri?

Kukambirana naye sikutheka. Ndayesa kudina kasipanalako mwamphamvu. Kakungozungulira, ngati kakundiseka.

A Nambewe abwera ndili mkati modikira. "Kodi mwaitsekulako, bambo?" Ndawauza abwere mawa. Iwo: "Mawa limeneli mwandiuza kasanu ndi kamodzi, eti." Anthu a masiku ano kusaleza mtima! Galimoto si mandasi oti ungoponya m'mafuta n'kuvuula.

Atachoka ndatsekula boneti, kuti asapeze chonena. Pampu ya madzi yatheratu. Ndaimbira kusitolo ya masipeya mtawuni. Aipereka kwa kondakitala wa minibasi ya ku Mchinji, adzadutsa pano Lachinayi teni koloko, ine ndikamudikire pasiteji. Basi, nkhani yatha. Kumanga kwake ndi ola limodzi.

Lachitatu

Ndatulukira chinthu chonyansa. Galaja ya m'foni imalandira ziphuphu! Pansi pa wotchi pali kabatani: lipira, kalole katuluke pompano. Ine? Zaka zonsezi ndakhala ndikukonza magalimoto enieni, lero ndikalipire makaniko wopanda nkhope? Ayi ndithu.

Njira ina: kuonera kanema wotsatsa malonda, akuchotserako mphindi khumi. Ndaonera khumi ndi mmodzi. Mayi wina akusamba m'mutu, akulankhula chinenero chimene sindinachimvepo. Maswiti akugwa kuchokera kumwamba. Mayi uja kubweranso, tsitsi lake lomwelo. Bandulo yonse ya sabata yathera pa tsitsi la munthu wosamudziwa.

Lero ndagwera m'mtsinje. Mlatho wake ndi wopapatiza, amene anaumanga sanayendetsepo galimoto. Maola anayi.

Magetsi athima cha m'ma leveni. Batire ili pa chofiira. Ndapita kwa Gelesomu, poti ali ndi sola. Akuti mabowo onse ndi odzaza. Ndaona ndi maso angawa, awiri ali pululu! Iye akungomwetulira, akunola lumo pachikopa, akuyang'ana chibwano changa ngati munthu woyang'ana munda woti alime. Nyenyezi zake: khumi ndi ziwiri. Zanga: zisanu ndi zitatu.

Wa kabaza wina wafuula ndikudutsa: "Madala, muzijambulitsiretu, adzukulu adzaone kuti zinaliko!"

A Nambewe abweranso, ndi thumba la zitenje za ukwati. Ndawafotokozera za pampu bwinobwino, ndi chithunzi chojambula pansi ndi sikuludilaiva. Iwo: "Ine sindinabwerere sukulu. Loweruka iyenda?" Iyenda mayi, iyenda.

Amake Tadala, mkazi wanga, akuti ndikumalankhula ndekha podya. Akuti ndimati "mphindi zisanu basi, bwana, chonde." Bodza.

Lachinayi

Tsiku loipa. Ndilembe mwadongosolo kuti ndidzathe kuonetsa kuti wolakwa si ine.

M'mawa sikisi koloko injini ya kalole yaphulika pachitunda. Palibe chimene ndachita, ndangoponda moto monga aliyense angachitire. MAOLA ASANU NDI ATATU. Injini yonse ya pikapu ine ndimatsitsa n'kukwezanso dzuwa lisanapendeke, ndikafuna.

Mkulu wina wa kabaza wandipatsa nzeru: sunthani wotchi ya foni kutsogolo, gemu iganiza kuti nthawi yakwana. Ndasuntha. Kalole katuluka! Ndavina pakati pa galaja. Ndisanaike ndi giya yoyamba yomwe, pasikilini patuluka mawu ofiira. Akuti ndabera. Chilango: tsiku lathunthu.

Kubera! Ine! Amene akundibera nthawi kuyambira Lolemba ndi ndani?

Ndabweza wotchi moyerekeza. Kunja kuli mitambo, dzuwa silikuoneka, ndiye ndaika imene mtima wandiuza. Kenako ndakhala pansi kulemba dandaulo pamalo olembapo madandaulo mu gemumo. Ndayamba m'Chingerezi, chandithera, ndamaliza m'Chichewa. Ndawauza kuti galaja yosunga galimoto ya munthu osamuuza zoona ndi yofunika kuitseka. Yankho labwera nthawi yomweyo: akuthokoza, ndipo akusangalala kuti ndikukonda gemu yawo.

Foni yalira kawiri, nambala yosaidziwa. Ndadula, poti ndinali mkati moonera mayi wa tsitsi uja, ndipo ukasokoneza samakuwerengera.

Wotchi yanga itati teni koloko ndapita pasiteji, mwaulemu wanga. Akabaza akuti ino ndi hafu leveni, minibasi yadutsa kalekale, kondakitala anafuula dzina la galaja yanga mpaka mawu kusasa. Pampu yapitirira ku Mchinji.

Ndamuimbira. Akuti ndisadandaule, aibweretsa pobwerera madzulo.

Madzulo. Ndamuimbiranso. Minibasi yafera ku Mchinji, giyabokosi. Ili pagalaja. Makaniko wake wawauza kuti abwere mawa.

Amakaniko a ku Mchinji! Ndiwo akuipitsa dzina la ntchito yathu!

Lachisanu

A Nambewe afika seveni koloko. Ayala chitenje pa tayala lakale, akhala, atulutsa nandolo, ayamba kusenda. "Lero ndikugwirira pano, bambo. Inu pitirizani."

Minibasi ikadali ku Mchinji. Kondakitala wasiya kuyankha foni. Munthu wopanda khalidwe, ukumuimbira iye n'kumadula!

Ndiye ndamasula pampu yakale ija kuti ndiipatse moyo wa tsiku limodzi. Zogwiritsa ntchito: mphira ya chubu cha njinga, guluu, waya, ndi pemphero. Ntchito yotere ndi ya akatswiri okhaokha. Ndagwira m'mawa wonse maso a mayiwa ali pamsana panga. Ndikapuma pang'ono, nandolo nayenso amasiya kugwera m'mbale.

Cha kumasana ndili chagada pansi pa pikapu, foni yanjenjemera m'thumba la ovolosi. Chilango chatha, kalole katuluka. Gelesomu ali ndi khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ine zisanu ndi zinayi. Ndati ulendo umodzi wokha, palibe akundiona kunsi kuno.

Zala zili girisi yekhayekha. Chiwongolero chaterera. Ndalowa m'sitolo ya maluwa, kalole kagubuduka kawiri. Sindinayende ngakhale mphindi imodzi. Maola khumi ndi awiri!

Ndiyenera kuti ndatukwana mokweza, chifukwa potembenuka ndaona nkhope ya a Nambewe. Agwada, mutu uli pansi, akundiyang'ana ine ndi foni yanga.

"Kodi imeneyo ndiye galimoto mukukonzayo?"

Ndati ndikuona chithunzi cha pampu.

"Pampu yake ili ndi nyimbo, eti."

Adzuka. Abwerera pa tayala lawo. Bola akanakalipa.

Faifi koloko pikapu yalira. Ndaiyendetsa mpaka pachigayo n'kubwerera, singano ya kutentha ili phee pakati. Ndawapatsa makiyi pamaso pa akabaza onse. Ndawauza aziyenda pang'onopang'ono ndipo atenge zigubu ziwiri za madzi. Afunsa chifukwa chake. Ndati ndi mwambo chabe.

Ntchito ya masabata atatu ndaimaliza tsiku limodzi. Galaja ya m'foni iphunzirepo.

Loweruka

Eyiti koloko pikapu yadutsa pamsewu. Mipando yasanjikizana mpaka kumwamba, mapoto, amayi khumi a zitenje zofanana akuimba. Ndakweza dzanja. Palibe wabweza.

Pasanathe theka la ola, foni. Ndi mchimwene wawo wa a Nambewe, amene akuyendetsa. "Bwerani mudzaone ntchito yanu."

Ndakwera kabaza. Ndaipeza itangodutsa kamlatho ka panjira ya fumbi yopita ku Nsaru. Nthunzi ikutuluka ngati akuphika kachasu. Mphira yanga yasungunuka, waya sakuoneka. Zigubu ziwiri zija zatha kale.

Amayi aja atsika, aima mozungulira. Sanasiye kuimba, angosintha mawu. Nyimbo yake tsopano ikunena za bambo wa ndevu amene akuti mawa, mawa. Wina akutsogolera, ena akuvomera, m'manja mukuombedwa. Apeka pomwepo! Ndipo ikukoma, ndicho chikundipsetsa mtima.

Mipando ndi mapoto azikweza pa ngolo ziwiri za m'mudzi wapafupi. Amayi ena pa kabaza, ena wapansi, nsapato za ukwati zili m'manja.

A Nambewe sanaimbe nawo. Asanakwere ngolo andiyandikira, alankhula motsitsa kuti ena asamve. "Mwana wamkazi ndili naye mmodzi, bambo. Bambo ake kulibe. Ndimafuna akuchimuna aone kuti nafenso ndife anthu."

Ndayang'ana nsapato zanga mpaka ngolo yapita.

Pikapu yakokedwa ndi ng'ombe ziwiri kubwerera pa Namitete. Ine ndili pachiwongolero, poti wina ayenera kuwongolera. Tadutsa pamsika anthu ali thithithi. Tadutsa pasiteji. Tadutsa galaja yanga osaima, mwa lamulo la mwini wake, mpaka ku galaja ya tsidya la msewu, kwa munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira sipanala.

Ndamva kuti ku Nsaru mipando yafika anthu atadya kale. Akuchimuna akhala pa njerwa ndi pa matumba. Mkwatibwi akuti analira pang'ono, kenako anavina.

Fili koloko, phokoso kuseri kwa galaja. Mluzu, mabelu a njinga. Gelesomu wakwera chilole chofiira. Wabwera kudzandionetsa. Chili ndi hutala ya mawu atatu.

Kalole kanga kanatuluka kale. Sindinakakhudze.

Lamulungu

Misa yoyamba. Ndakhala kumbuyo. Amayi awiri a nyimbo ija ali mu kwaya. Sanandiyang'ane, koma mapewa awo ndawaona akugwedezeka ndi kuseka.

Titatuluka, kwa Gelesomu. Akabaza abweretsa benchi yawo. Zaka khumi ndi ziwiri zagwa pansi mphindi zinayi. Iye yekha ndiye amagwira ntchito mwachangu pa Namitete pano. Chibwano changa n'chaching'ono, ndinali nditaiwala. Mphepo ikundilowa malo achilendo. Tadala atandiona wandipatsa moni wa alendo, mogwada.

Masana minibasi ya ku Mchinji yatulukira. Kondakitala wandipatsa pampu, wandifunsa ngati ndine mng'ono wake wa makaniko uja. Ndati eya.

Ndawoloka nayo msewu ndekha, ndakaipereka ku galaja inayo. Ndamuuza kuti ndi ya a Nambewe, asawalipiritse, ndipo amange lero. Wati lero ndi Lamulungu. Ndavula jekete la kutchalitchi, ndabwereka sipanala zake, ndamanga ndekha iye akuonerera. Ola limodzi, monga ndinanenera. Kwa a Nambewe sindinapite. Nkhope yopita nayo ndilibe, zenizeni.

Pofika kunyumba ndapeza amake Tadala ali pakhonde ndi foni yanga. Ndinaisiya patebulo kuti ndifufute gemuyo ndikabwera. Akuyendetsa. Pang'onopang'ono, ngati anyamula mazira. Pa loboti yofiira akuima. Pakona akuchepetsa. Basi ikaima, iwonso akuima, n'kudikira. Pamlatho wopapatiza uja adutsa lilime lili panja, osakhudza kanthu.

Kuyambira pamene ndinachoka apeza nyenyezi zisanu ndi imodzi. Ku galaja sanapiteko ngakhale kamodzi.

Ndawauza kuti akuchedwa, aponde moto. Osandiyang'ana n'komwe: "Inu khalani chete, ndanyamula mafiriji a anthu."

Ndakhala pambali pawo. Andipatsa lichero la mtedza kuti ndiziswa. Akuti batire yatsala pang'ono, ndikawatengere tchaja kuchipinda.

Ndikupita.