Magazi a Enifa Achira ku Ulaya

Mudzi wa Chimutha,
Kuseri kwa msika wa Mitundu,
Okutobala, 1996.

Kwa Bwana Mkulu wa Bungwe la Kafukufuku wa Magazi la Tiunikeni,

Wawa bwana, ndagwada. Mawondo ndi okalamba, ndiye podzuka muchite kundigwira dzanja. Ine ndine Jenifa Nangondo, agogo ake a Enifa, mtsikana amene pa pepala lanu mwamutcha Wodwala Nambala 14. Mukhululuke kalembedwe, cholembera ndinachigwira imvi zili mbuu, ku sukulu ya kwacha. Akuti masiku ano a matipate munthu akhoza kulembera wamkulu kalata n'kugonabe m'nyumba mwake, ndiye ndati ndiyese ndione.

Choyamba, zikomo chifukwa cha ndege. Chaka chatha madokotala atatiuza kuti Enifa ali ndi khansa ya m'magazi, anthu anu anabwera n'kumubaya jakisoni wonga msomali m'fupa la m'chiuno, n'kupopa. Ankati akukaunika kunja kuti mankhwala apezeke. Mudzi wonse unati ndinu anamapopa. Amene anaima pachitsime kutukwana anthu kuti asiye umbuli ndine, ndipo dzina lovomereza ndinalemba ndine, mokhotakhota koma ndinalemba. Kumtundu kwathu palibe anakwerapo ndege chiyambire makolo, lero magazi a mdzukulu wanga akwera. Mwini wake popita kuchipatala amakwera pakaliyala ya njinga ya malume ake, koma sitingakhale ndi mwayi tonse.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha pepala. Lafika patatha miyezi khumi, la Chizungu chokhachokha, ndi zithunzi za timadontho tonga mazira a chule. Aphunzitsi a Gilibati analimbana nalo masiku atatu, kenako anatimasulira. Akuti m'magazi a Enifa muli tizinthu toyera totchedwa maselo, timene tikukana kukula. Timangoswana tili ana, ntchito osagwira, kudya kokha. Wolamula timaseloti amakhala m'kati mwake momwemo, dzina lake onkojini. Ine ndinamva ngati aNkojini, ndipo ndinawazindikira msanga: ndi akapitawo a ku esiteti ya fodya aja, khasu osagwira koma kukamwa osatseka. Ndiye inu munaika timaselo ta Enifa m'mbale yagalasi n'kutithira vitamini D. Posachedwa aNkojini mawu anayamba kuwathera, ndipo pakutha pa sabata tiana tija tinakula, kuswana chisawawa n'kusiya, ntchito n'kuyamba.

Apa bwana ndinaimba nthungululu mpaka nkhuku zinabalalika. Ine ndakhala namkungwi zaka makumi atatu. Kutenga ana osamva, kuwatsekera m'tsimba, kuwalanga mpaka atuluke ali anthu akuluakulu, ntchito imeneyi ndi yanga. Ine kumpingo anandiletsa nayo Mgonero zaka ziwiri, inu akuwonjezerani nayo udokotala. Si nsanje ayi. Kungoti kwathu kuno namkungwi akamaliza kulanga, namwali amamubweza kwa amake.

Chachitatu, dzuwa. Aphunzitsi anatiuzanso kuti vitamini ameneyu thupi limamupeza padzuwa. Tinangoyang'anana. Kani mankhwala ali pamutu pathu chibadwire, ife n'kumawathawira pansi pa mango! Dzuwa la mwezi uno mumalidziwa, ngati limalowako mu ofesi mwanumo. Tinamuyala Enifa pamphasa pabwalo, pambali pa ufa ndi makaka, kumutembenuza uku ndi uku kuti vitamini alowe ponseponse. Tsiku lachitatu ufa unauma, makaka anauma, mwana anakomoka, magazi m'mphuno ali chuchuchu. A Lackson a zaumoyo anandikalipira pamaso pa akamwini anga ngati kamwana. Akuti vitamini wa m'pepalamo ndi wina, wamphamvu, ndipo wagwira ntchito m'mbale mokha, osati mwa munthu. Ndiye ndaphunzira kuti tchimo la mdzukulu wanga n'kubadwa munthu. Akanabadwa mbale, bwenzi pano akutunga madzi.

Chachinayi n'chachifupi. Tamva kuti munaimirira pa msonkhano kuhotela, anzanu a matayi n'kukuwomberani m'manja. Ifenso tikuwomba, mungotikhululukira kuti dzanja linalo lagwira kapu ya madzi omwera panado. Enifa wayera m'maso ngati pepala lanu lomwelo, usinini ukutuluka magazi, phala akumwa masipuni atatu. Tsiku ndi tsiku amandifunsa ngati azungu aja ayankha. Ine sindinamiza mwana. Ndamuuza kuti wachira, koma ku Ulaya.

Tsono pempho langa, bwana, ndi laling'ono ngati mwini wake. Tibwezereni magazi mwachiritsawo, muwathire m'mene munawachotsa. Ngati achepa, tumizani vitaminiyo. Ngati vitaminiyo amangodziwa mbale, tumizani mbale yokulirapo. Mwanayu waonda, akwanamo. Zonsezi zikakanika, bwerani nokha mudzakhale pamphasa pake, mumuuze ndi pakamwa panu, m'Chichewa, makutu ake akadamva, kuti magazi ake anakathandiza ndani. Ine ndayesa kumufotokozera, koma sukulu yanga ndi yochepa.

Chonde musachedwe. Kaya kwanu n'kuti, koma kwathu kuno mawu akuti adzukulu ali pawiri: ana a ana athu, ndiponso anthu okumba manda. Mukafika mvula itagwa, musavutike kunyamula pepala lina. Mudzangovula jekete, khasu tidzakubwerekani, ndipo ine ndemwe ndidzaimirira pamaso pa mudzi wonse kunena kuti ndapeza mdzukulu wina, wophunzira kwambiri.

Ine wanu, ndi ulemu wonse umene wanditsalira,

Jenifa Nangondo