Azakhali Agwera Kunsi kwa Pepala

Lolemba

Ukwati wa mng'ono wanga Filomena ndi Loweruka. Komiti yandipatsa ntchito ya kapepala ka ndondomeko, ati ndine wa makompyuta. Inetu ndimangotayipa mayeso kusukulu, koma ndavomera mano onse ali pamtunda.

Msuweni wathu wa ku Lilongwe wakapanga kale pa laputopu yake. Kukongola kwake! Maluwa m'mbali, chithunzi cha akwati pakati, mayina a mbali zonse ziwiri. Pansi penipeni mzere wapawokha: "Zikomo azakhali aNambewe, inu amene munatilera." Amayi atamwalira anatitenga awirife ndi iwowa, sukulu tinaphunzirira mtedza wawo. Filomena wandigwira dzanja: "Asisi, zina zonse zilakwike, koma mzere uwu ayi."

Zotsala: kukonza nthawi ya Misa, kusindikiza. Ntchito ya mphindi khumi iyi.

Lachiwiri

Kompyuta ya kusukulu ikukana kutsegula fayilo, ati siikuidziwa. Msuweni pafoni: "Aa, yangayi ndi pulogalamu yokongoletsera, yanuyo ndi yolembera makalata. Dikirani ndiisinthe."

Watumiza ina. Yatseguka, koma mayo ine!
- maluwa onse aunjikana pakona ngati zinyalala zosesa
- mkwati watambasuka, wanenepa mpaka khosi kulibe
- Filomena ali yekha patsamba lachitatu. Ukwati sunachitike, apatukana kale!

Mzere wa azakhali ulipo. Mtima pansi.

Lachitatu

Ndikakoka chithunzi, mayina akuthawa. Ndikabweza mayina, chithunzi chikuthawa. Aphunzitsi aakulu akusuzumira pakhomo: "Amayi, mayeso a Sitandade 7 aja?" Ndikuti ali m'njira.

Masana ankhoswe a kuchimuna atulukira panjinga yamoto kuchokera ku Bowe. Awerenga ndi chala: kwathu mayina khumi ndi awiri, kwawo asanu ndi anayi. "Kodi kwathu kulibe anthu?" Awonjezera atatu. Amalume athu amva, awonjezera awiri. Ankhoswe amvanso, aimba foni, ena awiri. Anthu awa uthenga amatumizirana pamphepo kapena?

Ndikuchepetsa zilembo kuti onse akwane. Pepala ladzaza thoo.

Lachinayi

Kusukulu magetsi kulibe. Ndathamangira kuparishi ndi fulashi yanga. Alembi a parishi ali ndi pulogalamu ina, yopangira timabuku ta nyimbo. "Bweretsani, yathuyi siichita mwano."

Siichita mwanodi, imangomeza. Maluwa yameza onse. Mkwati tsopano waonda, watalika ngati bulugamu. Alembi achita chizindikiro cha mtanda, akoka mpando, tikukonza limodzi mpaka mimba kulira.

Mafayilo amene ndili nawo tsopano:
- UKWATI
- UKWATI WENIWENI
- UKWATI WENIWENI WOMALIZA
- OSAKHUDZANSO CHONDE

Azakhali alipo, ndawaona ndi maso angawa.

Lachisanu

Pa Boma, kushopu yosindikiza. Mayi wa pashopu: "Chonchi makina athu salandira, tiiyika kaye m'pulogalamu yathu." Yachinayi imeneyo! Kumbuyo kwanga anthu ndandanda, panja kondakitala akukuwa kuti watsala mmodzi.

Akundionetsa pasikirini. Maluwa abwerera! Mkwati ali mmene Mulungu anamulengera! Ndasangalala mpaka sindinayang'ane pansi. "Sindikizani!" Mapepala mazana awiri.

Ndikuwerenga mu minibasi. Dzina lomaliza ndi la m'bale wa ankhoswe amene sindimudziwa n'komwe. Pansi pake mbee. Azakhali palibe.

Ndaimbira foni mayi wa pashopu uja. "Zilembo zathu n'zokulirapo pang'ono, ndiye mzere womaliza sunakwane m'bokosi la zolembazo. Ulipo ndithu, kungoti sukuoneka. Mapepala atithera, mubwere Lolemba." Ulipo koma sukuoneka! Ndikawauze azakhali choncho? Ndikulira poyera, manyazi ndaika pambali. Mayi wonyamula nkhuku akundifunsa ngati kwathu kwagwa zovuta.

Loweruka

M'mamawa: tebulo, mabolopeni awiri, mulu wa mapepala. Ndikulemba mzere uja pamanja, pepala ndi pepala. Anzanga akuvala, ine ndikulemba. Galimoto ya akwati ikunyamuka, ine ndikulemba. Malumbiro ndawamvera panja pa tchalitchi, pepala lili pabondo. Omalizira aja zilembo zake ngati papalasa nkhuku.

Filomena waliona kumadyerero, wandiyang'ana, wayang'ananso pepala. Zikanakhala bwino akanandikalipira. Azakhali aliyang'anitsitsa lawo nthawi yaitali, alipinda, aika m'chikwama. Nkhope yawo siikuwerengeka.

Sindinavine ngakhale nyimbo imodzi.

Lamulungu

Dzanja latupa, supuni ikundikana. Titaweruka ku Misa azakhali afika ndi jumbo, akhala pakhonde. Ndagwada, ndaulula zonse: mapulogalamu anayi, bokosi, kupupuluma kwanga. Amvetsera osaphethira.

"Za mabokosizo ine sindizidziwa. Makinawo sanadyepo kwanga, angandithokoze chiyani? Wandilemba ndi iwe, basi."

Misozi yayambanso. Iwo akumasula jumbo. Kani dzulo anthu atabalalika anayenda mpando ndi mpando kutolera mapepala otsala, usiku asanagone n'kuwaona limodzi limodzi. Asolola atatu, awayala pabondo langa.

"Awa unawadumpha. Tenga bolopeni."

Ndatenga. Aima pamutu panga, akuti ndilembe bwinobwino, osati ngati omalizira aja.