Mizere Yanga ndi Nyumba ya Abusa

Lolemba

Mvula ya dzulo yasiya matalala mbuu pabwalo ponse, ngati wina wamwaza mchere. Pofika masana asungunuka, kwatsala matope. Pano pa Donholm, m'dziko la eni, tili nyumba zinayi za lendi mumpanda umodzi. Eni ake, Mama Njeri, ali kumudzi kwawo, ndipo makiyi anasiyira ine chifukwa akuti ndine Mmalawi wosakwiya.

Vuto ndi Nambala 3. Loweruka akufika Abusa a Chirwa ndi banja lawo kuchokera ku Zomba, kudzagwira ntchito ya mpingo. Kalata ndinawalembera ndine: "Nyumbayo ndi youma, musadere nkhawa." Lero madzi ali pakhomo penipeni.

Zofunika:
khasu, lomwe kuno amati jembe
kuchotsa matope
kuwongolera madzi

Ndinali mlangizi wa zaulimi ku Dedza zaka zambiri. Madzi sangandizunguze ine!

Lachiwiri

Ndapempha tchuthi ku ofesi. Dothi la kuno ndi lakuda, lomata ngati phula. Nsapato imodzi yatsala momwemo. Matopewo ndikuwaunjika m'mizere yaitali yopingasa chitsetso, monga momwe manja anga anazolowerera. Ndikufotokozera a Otieno a ku Nambala 2 kuti madzi othamanga ndiwo amawononga, ofunika kuwachepetsa liwiro. Amvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, ataima pa njerwa. "Sawa, mwalimu." Ndiko kuti chabwino, aphunzitsi.

Akazi anga, pawindo: "Bambo a Chisomo, bwaloli mukusesa kapena mukulima?"

Lachitatu

Mizere isanu ndi umodzi, yowongoka bwino. Pakati pake ndatseka ndi ngonyeka, timizere tifupitifupi topingasa. Kukongola kwake! Mvula yayambanso masana. Ndaima pakhonde kuonerera. Madzi sakuthamanganso. Ndithu sakuthamanga. Aima.

Lachinayi

Akadali chiimire.

Apa ndiyenera kufotokoza, ngakhale ndikudzifotokozera ndekha. Ntchito ya ngonyeka ndi kusunga madzi m'munda kuti asachoke. Ndinaphunzitsa zimenezi alimi ambirimbiri. Koma bwalo la nyumba za lendi si munda. Mzere womaliza wathera pachitseko cha Nambala 3, ndipo madzi alowera pansi pake mpaka kufika m'akakolo.

Zomwe ndapeza m'katimo:
achule awiri
patapata wa munthu wosadziwika
nsapato yanga ya Lachiwiri

A Otieno akuti madziwo ayikonda nyumba ya abusa. Sindinaseke. Kwatsala masiku awiri!

Lachisanu

Ndikugumula mizere. Pa wachiwiri mpini wa khasu wathyoka. Ndakwera matatu, minibasi ya kuno, kupita ku Umoja kukagula wina. Kondakitala wayang'ana miyendo yanga n'kundiyalira nyuzipepala pampando.

Pobwerera ndapeza akazi a Otieno atawokera sukuma, ndiwo zamasamba za kuno, pamizere inayi yotsalayo. Nditangokweza khasu akuwa: "Usiguse!" Ndiko kuti ndisakhudze. Ndayamba kuwafotokozera za kayendedwe ka madzi, iwo alowa m'nyumba.

Madzulo foni ya kwa aneba. Ndi Abusa: "Achimwene, tikunyamuka mawa m'mawa. Mabuku onse tatenga, makatoni asanu ndi atatu." Mabuku! Pansi pamene paja! Ndangoti muyende bwino.

Loweruka

Tikukapa madzi ndi ndowa kuyambira m'mawa, ine ndi mayi a Chisomo. Tikawataya panja, mizere ikuwabweza mokhulupirika. Ndinaimanga bwino zedi.

Abusa afika dzuwa litapendeka. Apinda buluku, aima pageti, ayang'ana bwalo nthawi yaitali. Kenako: "Mizere iyi wapanga ndani? Ngakhale kwathu anthu sakupanganso yotereyi!"

Mayi busa akuyang'ana chitseko cha Nambala 3. Chule mmodzi akutuluka.

Lamulungu

Abusa, banja lawo ndi makatoni onse ali ku Nambala 1, nyumba yomwe tinkakhala ife. Ndi youma, monga kalata inanenera. Sindinaname, ndangosintha nambala.

Ife tili ku Nambala 3. Bedi lili pa njerwa, zitatu mwendo uliwonse. Chisomo ali kusukulu kumudzi, mwayi wake. Mayi ake ndawapatsa mwadzuka bwanji kawiri, andiyankha pondipatsira ndowa.

Mitambo yayambanso kuda chakum'mawa. Khasu ndalibisa kuseri kwa chitseko kuti manja anga asalione.

Sukuma wagwira yense.