Mitu Isanu ya Malume Gilbert

Mwamva mmene mayi ogulitsa tomato aja andiitanira? "DJ Naomi." Inu, musandiyang'ane choncho. Ine ndine munthu woti ndimapitirira potsikira chifukwa chochita manyazi kuuza dalaivala kuti aime. Koma poti takisiyi sinadzaze, tamverani.

Ndimagwira ntchito ku Irene, m'nyumba ya amwenye olankhula Chitelugu. Dipuloma yanga ili m'sutikesi, ine ndili pa simbi. Apongozi awo a madamu ali ndi filimu imodzi imene amaionera tsiku lililonse masana: nyimbo, magule, mahatchi ouluka, mtsikana wokhala m'nyumba yachifumu pamwamba pa mitambo. Ine ndimaionera chammbali ndikusita. Ikafika pakati, pamene amaiimitsa kuti anthu apume, nthawi yanga yoweruka imakhala yakwana, ndimathamangira takisi. Choncho theka loyamba ndaliona kosawerengeka. Lachiwiri, ngakhale kamodzi.

Chitelugu chimene ndimadziwa ndi mawu anayi ouza mwana: bwera, idya, gona, basi.

Tsono ndimakhala ku Winterveld, pakhomo pa malume anga a Gilbert, amene ananditengera ku Joni kuno. Akazi awo anamwalira kalekale. Kwa zaka ziwiri malume akhala akugula tomato kwa Mayi Margret pano pa Mabopane. Tsiku lililonse tomato. Pawindo tomato, pansi pa bedi tomato, koma mawu ofunsira osatuluka. Atamva kuti Mayi Margret amasowa mafilimu achimwenye omasuliridwa m'Chichewa ngati a kwawo ku Balaka, anabwera kunyumba akuwala nkhope.

"Naomi, iwe unapita ku koleji."

"Ya zamahotela, malume."

"Koleji ndi koleji. Ukabwereke filimu ya abwana ako ija. Muli mwamuna wofanana nane?"

Ndinati alimo wachikulire wina, wakamimba, wandevu zapamlomo, amene amabweretsa mphatso kwa bambo a mtsikanayo.

"Ameneyo. Akatsegula pakamwa, iwe uzinena zanga. Ikamatha filimuyo, Margret akhale atamva zonse."

Ndinafuna kukana. Pakamwa panga panatuluka "chabwino". Ndikanatha kuwafunsa madamu kuti filimuyo imatha bwanji, koma ndinachita manyazi. Paja safunsa anadya phula.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, TV inatulutsidwa pansi pa mtengo. Malume anati aitana munthu mmodzi. Anabwera makumi awiri, ena ndi mipando yawo. Malume anavala suti, anakhala pafupi ndi Mayi Margret, pakati pawo mpando umodzi wopanda munthu. Ine anandipatsa maikolofoni ya kwaya. Kutsogolo kwenikweni kunakhala Bambo Yobu, oyendetsa bakkie yonyamula katundu, munthu amene ngakhale pamaliro amafunsa mafunso.

Wandevu uja anatulukira, dzanja pachifuwa, n'kulankhula nthawi yaitali.

"Akuti," ndinayamba, "ine mowa ndinasiya mu 2009."

Malume anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Akuti ali ndi puloti ku Ntcheu. Malata anagula kale."

"Ku India kuli Ntcheu?" anafunsa Bambo Yobu.

"Ntcheu ya kumeneko, bambo."

"Oho."

Kenako kunatulukira mnyamata wosalala, woimba ng'oma. Ameneyu ndinamuipitsa mwadala. Ndinati alibe ntchito, amagona kwa anzake, mapepala ake anatha. Koma mtsikana atangomuona, nyimbo inayamba, ndipo awiriwo anapezeka pa phiri la chipale chofewa.

"Eish! Awoloka bwanji? Pasipoti adinditsa pati?" anafunsa Bambo Yobu.

"Adutsira m'tchire," ndinatero.

Anthu onse anagwedeza mitu. Zimenezo anazimvetsa.

Nyimboyo inatenga mphindi zisanu ndi ziwiri. Mtsikana anasintha zovala kasanu, anyamata zana anatuluka kuseri kwa mtengo umodzi n'kumavina mofanana. Itatha ndinati, "Akuti wamusowa."

"Nyimbo yonseyi?"

"Wamusowa kwambiri."

Pofika pakati pa filimu, inu, Mayi Margret anali atasunthira pa mpando wopanda munthu uja. Malume anandikwezera chala chachikulu. Ine ndinaika maikolofoni pansi.

"Yathera pamenepa."

"Yatha bwanji asanakwatirane?" anatero Bambo Yobu, n'kudina batani ndi dzanja lawo.

Kuyambira pamenepo ine ndi anthu aja tinali ofanana. Tonse tinkaionera koyamba.

Wandevu uja analowa m'phanga. Anatenga chikho chofuka utsi wobiriwira n'kugugudiza.

"Suja anasiya mowa?"

"Ndi mankhwala a BP."

Mankhwalawo anagwira ntchito msanga. Maso anayaka moto. Khosi linatalika ngati payipi. Kenako mutu wina unaphuka kumanzere, wina kumanja, ina iwiri pamwamba. Mitu isanu, ndipo uliwonse ndi ndevu zake zapamlomo, zometedwa bwino m'mbali ngati za malume.

Palibe amene anaseka. Anthu anangotembenuka mmodzimmodzi kuyang'ana malume. Malume anayang'ana nsapato zawo.

Chinthu chija chinakwera mleme waukulu ngati basi ya ku Lilongwe, n'kukamutsomphola mtsikana pawindo.

"Akupita naye kuti?"

"Akukamuonetsa puloti."

"Nanga akuliriranji?"

"Ndi kutali."

Ndiye poti filimu ndi yanyimbo, mituyo inayamba kuimba, uliwonse ndime yake. Mawu a malume anali atandithera. Malata ndinali nditawatchula kale katatu.

"Tiuze, mutu uliwonse ukuti chiyani?" anatero Bambo Yobu.

Ndinatulutsa chuma changa chonse. "Woyamba ukuti bwera. Wachiwiri ukuti idya. Wachitatu ukuti gona. Wachinayi ukuti basi."

"Wachisanuwo?"

"Ukugwirizana nazo."

Pamapeto pake mnyamata wopanda mapepala uja anafika pa hatchi youluka, n'kuyamba kuimba ng'oma yake. Akaomba kamodzi, mutu phu! pansi. Akaombanso, wina phu! Pa mutu uliwonse malume ankatsika pang'ono mu mpando, mpaka pa wachisanu tinkangoona jekete. Ine sindinamasulire chilichonse. Pamenepo panalibe chofuna koleji.

TV inazimitsidwa. Mayi Margret anakonza mpango wawo, osafulumira.

"Naomi mwanawe."

"Mayi."

"Filimu imeneyi ndinaionera katatu ku Balaka. Za malata munalibe."

Ndinafuna nthaka ya Winterveld itseguke, koma mukuidziwa kuuma kwake.

Anatembenukira kwa malume. "Bambo Gilbert, mitu isanu yalankhula lero. Wanu umodziwo ukuti bwanji?"

Malume anaimirira. Anamanga batani la jekete. Anakhosomola. Anthu makumi awiri anasiya kupuma, ngakhale Bambo Yobu. Malume anatsegula pakamwa n'kunena kuti, "Tomato."

Tinadikira. Palibe china chinabwera.

Anandiyang'ana ndi maso a munthu amene akumira. "Naomi, masulira."

Ndinatola maikolofoni ija. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, ndinkadziwa chilankhulo chake.

"Akuti tomato wawakwana. Akufuna mwini wake."

Mayi Margret anayang'ana malume kuyambira ku nsapato mpaka kumutu, ngati akuwerenga kuti ilipo ingati.

"Uwauze kuti ndamva. Zaka ziwiri ndakhala ndikuwapatsa pulayizi, ndimayesa sakuona. Koma ndevuzo amete. Sindingagone nazo m'nyumba imodzi."

Malume anameta Lolemba m'mamawa. Tsopano pamwamba pa mlomo pali kamzere koyera, ndipo agalu a abwana awo anawauwa sabata yathunthu.

Ukwati uli mu Disembala. Andipempha kuti ndikakhale woyendetsa mwambo, poti ati ndili ndi mphatso. Ndavomera, chifukwa kukana sindimatha. Koma ndawauziratu kuti ine ndimadziwa theka loyamba lokha. Zikafika pakati, ndithamangira takisi.